Sindinaone duwa limene munaloza

Amake Zione, iyi ndi mvula yachiwiri chitisiyireni, ndipo maluwa ofiira aja atulukanso m'mphepete mwa munda wathu wa kudambo. Dzulo ndikupalira chimanga, nditacheuka ndinaona mwana wathu wakumba kanthu konga mbatata, dothi lili kukamwa. Ndinathamanga naye pa njinga mpaka kuchipatala ku Insaca. Anamwino anandifunsa kuti, "Bambo, chomera chake n'chotani?" Ndinangoti n'cha maluwa ofiira, dzina sindikulidziwa. Mwayi wake sanasanze, akuti mwina anangonyambita.

Ndakumbuka tsiku lija muli ndi pakati pa iyeyu, munandikoka malaya pamalo omwewo. Munati, "Inu, taimani kaye. Musadalire duwa, onsewa ndi ofiira. Onani masamba. Ili masamba ake aima ngati mipeni. Ili nsonga ya tsamba yapindika, ikukola udzu ngati kachala." Kenako munaloza limodzi n'kunena kuti mbatata yake imapha ngakhale mbuzi. Ine maso anali ku mitambo, ndimafuna timalize mzere mvula isanatipeze. Ndinangoti, "Eya, ndamva," osayang'ana kumene chala chanu chinaloza.

Lero ndinakaimanso pomwepo, mitundu yonse iwiri ilipo, koma sindikudziwa kuti lakupha ndi liti. Ndafunsa anzathu a minda yoyandikana, wina akuti ili, wina akuti ilo. Ndazula onse amene ndawaona, koma dambo ndi lalikulu, ndipo Zione chilichonse chimene watola n'cha kukamwa. Mawa ndipita nayenso kumunda, amake Zione. Ndilibe womusiyira.