Kufola kumbuyo kwa aphunzitsi osaona

Ine ndine munthu wokonda kuthokozedwa. Ndikakuchitira chabwino ndimafuna kumva zikomo womveka bwino, osati wotulukira m'mphuno. N'chifukwa chake nkhani ya aphunzitsi osaona a m'zoni yathu imandizunguzabe mutu mpaka lero, ngakhale kuti ku Lungwena ndinasamukako.

Nthawi imeneyo ndinali wachiwiri kwa wapampando wa bungwe lathu la aphunzitsi m'zoniyo. Ntchito yake sinali yothyola msana. Ndinkaperekeza amene wayambana ndi ahedi ake, ndinkatsogolera anthu kumaliro, ndipo ndinkalankhula kwambiri pamisonkhano, chinthu chimene ndimachitha ngakhale popanda udindo. Tsiku lina kunabwera uthenga wochokera kulikulu la bungwe woti zoni iliyonse ionetsetse kuti mamembala aulumali akufikiridwa ndi thandizo la bungwe. Kachitidwe kake sanatiuze.

M'zoni monse membala waulumali amene tinkamudziwa anali mmodzi. Anali bambo wa konko kunyanja, Msilamu, wophunzitsa Sitandade 6 pasukulu ina ya pakati pa midzi ya asodzi. Anasiya kuona ali mwana. Ankayenda ndi ndodo yoyera, ndipo ulendo ukatalika ankakwera kabaza ngati tonsefe.

Tinaitanitsa msonkhano wokambirana za aulumali. Amlembi athu, mayi anzanga apamtima amene tinkaimba nawo kwaya kutchalitchi, analemba kalata, n'kudindapo chidindo, n'kuijambula, n'kuiponya pagulu lathu la pafoni monga mwa masiku onse. Anthu anabwera, koma mwini nkhani sanaoneke. Tinadandaula ndithu kuti anthu ena sayamika, kenako tinayamba kuwaganizira tokha zimene akufuna.

Tinagwirizana zinthu ziwiri. Choyamba, tinagumula masitepe a pakhomo pa holo yathu ya misonkhano n'kuikapo potsetsereka pa simenti, chifukwa ndi zimene tinkaziona pamaofesi a ku boma. Panalibe membala woyenda panjinga ya aulumali, koma pachithunzi chotumiza kulikulu pankaoneka bwino. Chachiwiri chinali nzeru yanga, ndipo ndinkainyadira. Ndinati tikhazikitse mpando wapadera m'komiti, wa woimira aulumali, ndipo bambowo tingowapatsa popanda chisankho.

Pamsonkhano wotsatira tinatuma munthu kukawauza pakamwa, ndiye anabwera. Atafika pakhomo ndodo yawo inafufuza masitepe amene ankawadziwa zaka zonsezo, koma sinawapeze. Anadzandira, n'kugwira chitseko.

"Kodi holo ija mwaisamutsa?" anafunsa.

"Takukonzerani inu, aphunzitsi," ndinayankha ine mokweza.

"Oo, zikomo," anatero. Koma anali zikomo wa m'mphuno uja.

Itakwana nthawi ndinaimirira n'kulengeza za mpando wapadera. Anthu anawomba m'manja. Iwo anadikira kuti phokoso lithe.

"Madamu, mpandowo ntchito yake n'chiyani?"

"Kuimira aulumali."

"Aulumali ake ndine ndekha. Ndiye ndizidziimira ndekha, n'kumakadziuza ndekha zimene mwakambirana?"

Ena anaseka. Ine sindinaseke. Kenako anatulutsa foni m'thumba la malaya n'kuikweza m'mwamba.

"Msonkhano wanu uja sindinaukane. Foni iyi imandiwerengera chilichonse chimene munthu walemba. Koma mukajambula kalata, imangonena kuti chithunzi, basi. Mayi a kunyumba akakhala kudoko kukayanika usipa, andiwerengere ndani? Za kukwezedwa pantchito ndinazimva zitadutsa. Za maliro a anzathu ndimazimva ataikidwa kale. Mpando wanu sungani. Ine chisankho chikubwerachi ndipikisana nawo pa ulembi, Insha Allah."

Wina kumbuyo ananong'ona kuti, "Mlembi wosaona?" koma kunong'ona kwake kunali kwa mphunzitsi, komveka mpaka panja. Bambowo anayankha osatembenuka kuti maphunziro a tsiku ndi tsiku amakonza okha ndi zilembo zawo za timadontho, ndipo palibe mwana anabwerera kwawo chifukwa aphunzitsi sanalembe. Anzanga amlembi aja anangoyang'ana pansi, akupinda ngodya ya pepala.

Ine mutu unaima. Munthu tamupatsa mpando waulere, iye akufuna wolimbirana, tsono wolimbirana ndi mnzanga. Ndinakwiya, sindibisa. Koma mkwiyowo utaphwa kunatsala mantha, chifukwa ndinkadziwa mmene timavotera. Ife sitiponya mapepala. Opikisana amaima moyang'ana khoma, ndipo ovota amafola kumbuyo kwa amene akumufuna. Ndinaonapo bambo wamkulu akutembenuka n'kupeza kumbuyo kwake kuli mlamu wake yekha. Manyazi amenewo sindinafune kuti awagwere bambowa.

Choncho ndinakwera kabaza kupita kusukulu kwawo. Ndinawapeza pakhonde nthawi yopuma, akumwa thobwa.

"Aphunzitsi, anthu ndi ovuta," ndinayamba motero. "Bwanji mutenge kaye mpando uja? Za makalata ndikawauza amlembi, azilemba mmene mukufunira."

"Muwauze, n'zabwino. Nanga akadzabwera mlembi wina?"

"Tidzamuuzanso."

"Ndiye moyo wanga wonse ndizidikira wina akandinenere?"

"Nanga mukagwa?"

"Kodi opikisana onse samayang'ana kukhoma?"

"Amayang'ana kukhoma."

"Basitu. Tsiku limenelo tonse tidzakhala osaona."

Anaseka, n'kundipatsa thobwa. Ndinabwerera ndisakudziwa ngati ndanyozedwa kapena ndalandiridwa bwino.

Tsiku lachisankho kunatentha monga kumatenthera kunyanja mvula ikayandikira. Tinatuluka panja chifukwa m'holo munali ngati mu uvuni. Maudindo ena anadutsa msanga. Itafika nthawi ya ulembi, anzanga aja anaima moyang'ana khoma, ndipo bambowo anaima chapatali pang'ono, ndodo ataigwira ndi manja awiri. Awapampando anathamanga ndi mpando kuti akhalepo. Anaukana.

Woyendetsa chisankho, bambo wochokera zoni ina, anaimba wezulo, anthu n'kuyamba kufola. Ine ndinatsala pakati. Kumanzere kunali mnzanga amene anagona nane kuchipatala mwana wanga atadwala malungo, mlembi wosachedwa, wosataya pepala. Kumanja kunali bambo amene ananena zoona zokhazokha, ndipo mzere wawo unkaoneka woperewera. Ndinayamba kupita kumanzere, n'kubwerera. Pakamwa panga, monga mwa chizolowezi, sipanatsekeke. Ndinkangoti, "Koma abale inu, koma zinthu zake."

"Madamu, pano si pamsika!" anakuwa woyendetsa chisankho. "Sankhani!"

Miyendo inanditengera kumanja. Ndinaima kumbuyo kwa mzere wa bambowo, thukuta lili chuchuchu, maso ndili pansi kuopa kuyang'ana kumanzere.

Atawerenga, mzere wa anzanga unapambana. Wa bambowo sunali wochititsa manyazi, koma unali waufupi ndithu. Opikisana atauzidwa kuti atembenuke, anzanga anandiona pamene ndinaima, ndipo nkhope yawo sindidzaiiwala. Kukwaya anakhala nthawi yaitali akundipatsa moni wa pamwamba. Komabe kuyambira sabata yomweyo mauthenga a bungwe anayamba kubwera olembedwa pafoni, chithunzi cha kalata chikubwera pambuyo. Sitinakambiranepo chifukwa chake.

Koma za tsiku lomwelo sindinamalize. Anthu akubalalika ndinawapeza bambowo pansi pa mtengo, akudikira wakabaza. Ndinali nditakonza mawu achitonthozo, ndipo m'mtima ndinkati tsopano avomera mpando wanga uja.

"Pepani, aphunzitsi. Koma musadandaule, mpando uja ukadalipo."

"Pepani wa chiyani, Madamu? Ndagwa. Mukudziwa kuti chiyambireni ntchito palibe anandilolapo kugwa? Kulikonse amangondikhazika kutsogolo n'kundipatsa fanta. Lero ndagwa ngati munthu."

Ankamwetulira zenizeni. Ndinabwera kudzapukuta misozi, ndiye misoziyo inkalengeza m'maso mwanga.

Wakabaza anafika. Bambowo anapinda ndodo yawo, n'kupapasa mpando wa njinga, koma asanakwere anatembenukira kumene kunali mawu anga.

"Ndinakumvani mukulimbana nokha kumbuyo kuja. Inu simubisika. Ndiye tandiuzani chinthu chimodzi, chifukwa chisankho china ndidzaimanso. Munafola kumbuyo kwanga chifukwa mumafuna mlembi, kapena munaona kuti mzere wafupika?"

Anadikira pang'ono. Kenako anakwera njinga, namuuza wakabaza kuti tiyeni.

Funso limenelo ndalitembenuza kambirimbiri. Masiku ena ndimadziuza kuti ndinkafuna mlembi. Masiku ena ndimakumbukira kuti ndisanasunthe phazi, ndinayamba ndayang'ana kutalika kwa mizere.