Chigubu M'filiji ya Nsomba

"Iwe, mkodzo m'filiji yanga ya nsomba? Mutu wako ukuyenda bwino?"

Amene ankakuwa choncho anali alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, ataima pakhomo la kasitolo kawo pafupi ndi doko la Mbamba Bay. Chigubu choyera chinali m'manja mwawo, atachitalikitsa ngati chiwaluma. Zaka zonse zimene ndinawagwirira ntchito yogulitsa nsomba anali asananditchulepo kuti iwe. Anayamba tsiku limenelo, pamaso pa anthu ogula.

Ndinawauza kuti atsitse mawu. Chigubucho chinali chotseka bwino, ndinachikulunga m'majumbo awiri, ndipo ndinachiika pakona pomwe sitiikapo nsomba. M'malo motsitsa mawu, iwo anasiya Chichewa chathu n'kuyamba Chiswahili kuti aliyense wodutsa amve bwino. Anafunsa amayi amene ankagula kampango ngati akufuna ndiwo zogona ndi mkodzo wa munthu. Anandifunsa ngati ndikufuna a zaumoyo adzatitsekere. Kenako anatsegula chigubucho n'kukhuthulira m'ngalande, n'kuchiponya momwemo.

Sindikumbukira kuti tebulo ndinalidumpha bwanji. Ndikukumbukira kolala ya malaya awo ili m'manja mwanga, mabatani akugwa, amayi awiri akundikoka lamba kumbuyo. Ndinawatukwana mawu amene sindingalembe pano. Iwo anandilanda makiyi a kasitoloko. Nditatembenuka ndinaona mkazi wanga ataima pakhomo la nyumba yathu, yomwe ili kuseri kwa kasitoloko, atagwira chitseko kuti asagwe. Zonse anazimva. Mkodzowo unali wake.

Matenda a mkazi wanga anayamba ngati chinthu chosangalatsa. Ananenepa. Nkhope inazungulira, mimba inakula, kuseri kwa khosi kunatupa ngati linunda la ng'ombe. Kutchalitchi amayi anzake ankamugwira masaya n'kumati bambo akukusungani bwino. Ine ankandiyamikira panjira. Abale athu a ku Nkhotakota atabwera kudzacheza anabwerera kukauza anthu kuti ku Tanzania tapeza bwino. Alamu anga omwewa ankanena poyera kuti mlongo wawo akuwala chifukwa cha ntchito imene anandipatsa. Kwathu munthu akaonda ndi pamene anthu amayamba kunong'ona. Wonenepa palibe amamufunsa kuti wadzuka bwanji m'thupi.

Ine ndinkaona zimene chitenje chinkabisa. Miyendo inkaonda pamene thupi likukula. Pamimba panatuluka mizere yofiirira ngati khungu likufuna kung'ambika. Akangogunda mpando pang'ono, pankada. Kuti adzuke pamkeka ndinkachita kumukoka. Mkazi amene ankasenza beseni la usipa kuchokera kugombe osapumira panjira anayamba kulephera masitepe a tchalitchi. Anasiya kusamba kumwezi, anthu n'kumati ndi pathupi, ndipo anamuwerengera miyezi mpaka anatopa okha.

Tinayenda m'zipatala. Kwina anati ndi shuga, natipatsa mapiritsi. Kwina anati magazi akuthamanga, mapiritsi enanso. Kuchipatala china chakumtunda anamuuza kuti achepetse kudya, munthu amene mbale yake inkabwerera chakudya chilimo. Kumeneko ndinakalipa mpaka mlonda ananditulutsa panja, ndipo sizinathandize kanthu. Ine sukulu ndinafika fomu folo basi, koma ndinkadziwa kuti matenda ambiri chonchi sangagwere munthu mmodzi nthawi imodzi popanda chimene chikuwatuma. Chimenecho ndi chomwe palibe ankachitchula dzina.

Ndiye kuchipatala chathu kunabwera anthu a kafukufuku, ndi galimoto yawo yodzaza mabokosi ozizira. Ankafuna anthu amene shuga ndi kuthamanga kwa magazi sizikumva mankhwala. Namwino wawo, mayi wamfupi wolankhula mosathamanga, anamuyang'anitsitsa mkazi wanga kumaso, kenako anamupempha kuti anjute adzuke yekha osagwira kanthu. Analephera. Namwinoyo sananene za kudya. Anatiuza kuti pamwamba pa impso pali tiziwalo timene timatulutsa timadzi tina, mahomoni, ndipo timadzito tikachuluka m'magazi thupi limachita zimene tinkaonazo. Anati sakulonjeza kuti ndi zimenezo, sakulonjezanso kuchiritsa. Ntchito yawo inali kuona ngati malovu okha angasonyeze vutoli, kuti zipatala zazing'ono ngati chathu zizitha kulipeza. Koma kuti adziwe ngati malovuwo akunena zoona, ankayenera kuwayerekeza ndi njira yakale, yomwe ndi mkodzo wonse wa usana ndi usiku wake m'chigubu chimodzi. Zotsatira anati adzatiuza, ndipo zikakhala zimene akuganizazo adzatilozera kwa madokotala odziwa.

Ndinatuluka m'chipindamo miyendo ili yopepuka. Aka kanali koyamba munthu kunena chinthu chimodzi chimene chinkafotokoza zonse, kuyambira nkhope mpaka miyendo.

Malamulo anali awiri. Osataya ngakhale kamodzi, ndipo chigubu chikhale pozizira. Galimoto yawo inkanyamuka m'mawa wotsatira. Inali nyengo yotentha ija mvula isanagwe, pamene malata amalira masana ndipo madzi a mumtsuko amafunda ngati tiyi. Namwino anati beseni la madzi ozizira likwana. Ine ndinaona kuti beseni n'zachibwana pamene filiji ili kuseri kwa khoma ndipo makiyi ali m'thumba mwanga. Alamu anali atapita ku Kihagara kukagula nsomba, ndipo ndinkadziwa kuti akapita kumeneko amagona. Tsiku limenelo nsomba sanazipeze, anabwerera masana.

Dzuwa litapendeka ndinakatola chigubu m'ngalande muja n'kuchitsuka, osadziwa kuti ndikuchitsukiranji. Mkazi wanga anaphika, koma palibe anadya. Anakhala pamkeka atatsamira khoma, miyendo yake yowondayo ataitambasula. Mayi wina woyandikana nafe anali atadutsa kale kudzamupepesa, ndipo popepesapo anamufotokozera zonse zimene zinkanenedwa kumsika. Ena ankati ndine wauve chabe. Koma ambiri ankati mwamuna amene amasunga mkodzo wa mkazi wake pakati pa katundu wamalonda akukhwimira bizinesi, ndipo ndi chifukwa chake mkaziyo akutupa. Anthu omwe aja ankandiyamikira kuti ndikumusunga bwino tsopano anali atapeza amene akumudwalitsa. Alamu anga nawonso akuti ananena kuti akhala akundikayikira kuyambira kale.

Mkazi wanga anandifotokozera zimenezi mawu ake osakwera, ngati akunena za mvula. Kenako anati titenge zimene zipezeke kuyambira madzulowo mpaka m'mawa, tiwonjezere madzi kuti chigubu chioneke chodzaza, tikapereke, nkhani ithe. Ndinamuuza kuti makina awo adzayeza madzi a pampopi n'kutiuza kuti alibe vuto, ndipo tidzabwerera kumapiritsi omwe aja mpaka tsiku limene adzalephera kudzuka ngakhale nditamukoka.

"Bambo, msika wonse wamva za mkodzo wanga lero," anatero. "Mawa ndidutsa bwanji pamenepo?"

"Amve. Akudwala ndi iwo?"

"Inu mumakalipa n'kuiwala. Amene amatsala ndi maso a anthu ndine."

Ndinafuna kukalipa, monga ndimachitira. Koma sindinakalipe. Ndinali nditatopa kutopa kumene sindinakumvepo, osati kwa thupi ayi. Kutopa ndi mabenchi a zipatala, ndi kufotokoza nkhani imodzimodzi kwa munthu watsopano ulendo uliwonse, ndi kuyamikiridwa panjira pa chinthu chimene chikupha mkazi wako. Ndipo ndinaona kuti iye anali atatopa kuposa ine. Ine ndinkangonyamula zigubu ndi kukangana ndi alonda. Thupi limene anthu ankaligwira masaya, kuliyeza, kulinena kumsika, linali lake.

Ananena kuti mwina angosiya, azimwa mapiritsi ake, Mulungu aone. Ananenanso kuti ntchito ndiye yatha, ndipo achimwene ake sadzalowanso m'nyumba mwathu. Ndinangomufunsa ngati wayiwala mmene anayesera kudzuka pamaso pa namwino uja, manja ali m'mwamba ngati mwana wophunzira kuyenda. Anayang'ana mapazi ake otupa nthawi yaitali.

"Mukawauze zoona," anatero potsiriza. "Akakupatsani chigubu china ndiyambanso. Koma ndi komaliza, bambo. Ndipo musakagwire munthu malaya."

M'mawa ndinalawirira kuchipatala. Ndinapeza a kafukufuku aja akukweza mabokosi m'galimoto, anthu ena atafola ndi zigubu zawo zokulunga m'zitenje, aliyense akuyang'ana kumbali. Changa chinali chopanda kanthu, ndipo ndinachiika patebulo choncho. Ndinamufotokozera namwino zonse, za filiji, za alamu, za ngalande. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anandifunsa funso limodzi lokha, kuti kunyumba kwathu kulibe beseni kodi. Ndinati lilipo. Anapukusa mutu, n'kukalankhula ndi mkulu wawo amene anali kale m'galimoto.

Atabwerera anati kuno sabweranso mpaka mvula itatha, koma akhala ku Mbinga masiku angapo. Mkazi wanga akayamba m'mawa womwewo, ine n'kukwera basi yoyamba tsiku lotsatira chigubu chili pozizira, achilandira. Anandipatsa chigubu chatsopano. Anabwereza malamulo aja awiri pang'onopang'ono ngati akuuza mwana, ndipo ine ndinangoti inde mayi.

Pobwerera ndinadutsa kudoko. Kasitolo kaja kanali kotsegula, alamu akusanja nsomba patebulo okha, ndipo sanadzutse mutu. Ndinapitirira mpaka kwa bambo wina amene amagulitsa balafu, madzi oundana amene asodzi amaika m'mabokosi a nsomba. Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana chigubu, kenako n'kundigulitsa balafuyo. Ndinasenza chibuluma chimodzi paphewa, madzi akuchucha kumsana njira yonse. Kunyumba ndinachiphwanya ndi mpini wa nkhwangwa, n'kuthira m'beseni lochapira, n'kukhazika chigubu pakati, n'kukankhira beseni kunsi kwa bedi. Kenako ndinamugwira mkazi wanga manja onse awiri n'kumudzutsa pamkeka.