Anthu Anayi Amene Sanauzidwe

Kwathu mwamuna salengeza yekha maliro a mkazi wake. Pamakhala otumidwa. Mkazi wanga atamwalira kuno ku London, alamu anga, achimwene ake aakulu amene amasamalira okalamba ku Wembley, ndi amene anakhala m'khitchini tsiku lonse ndi mafoni awiri. Anauza akumudzi, anauza kutchalitchi, anauza kuwodi kumene ankagwira unesi, mpaka ku ofesi kwanga. Ine ndinangokhala pampando, anthu n'kumabwera kudzakhala nane. Tinaperekeza thupi kwawo ku Ntcheu, ndinabwerako, ndinayambiranso ntchito.

Patapita miyezi isanu ndinazindikira kuti mawu akuti mkazi wanga anamwalira ndinali ndisanawatulutsepo pakamwa panga. Aliyense amene ndinkakumana naye anali atamva kale. Anatsala anthu anayi okha.

Ku Croydon kuli bandi ina imene imaimba Lamlungu loyamba la mwezi, masana, m'chipinda chakumbuyo kwa bala ina pafupi ndi pokwerera sitima ya tramu. Nyimbo zawo zambiri amati ndi surf: zilibe mawu, ndi magitala okhaokha olira ngati akuimbira m'thanki ya madzi, ng'oma zikuthamanga pambuyo. Zina amati ndi garage, ndipo zimenezo amachita kukuwa. Wa gitala ndi bambo waimvi wokonza mapaipi. Wa ng'oma ndi mayi wamfupi, mphunzitsi wa pulayimale. Enawo ndi pachibale, wina pa gitala ya besi, wina pa limba. Onse amavala malaya amaluwa a kugombe ngakhale kunja kukuzizira chotani, pamene Croydon ili kutali ndi nyanja.

Mkazi wanga ndiye anawapeza. Ankati gitalayo imamukumbutsa nyimbo zimene zinkalira pa wailesi ya bambo ake. Iye ankavina kutsogolo kwenikweni, ine ndinkaima pa nsanamira nditanyamula majasi athu awiri. A bandiwo ankamutcha Sisita, ine ankangoti wosunga majasi. Zaka zitatu tinkapita, koma palibe wa kumpingo kapena wachibale amene ankadziwa za malowo.

Foni yake ndinali ndisanaitseke. Tsiku lina panabwera uthenga wochokera kwa mayi wa ng'oma uja: "Sisita, mwasowa. Takulakwirani chiyani? Kutsogolo kulibe wovina."

Ndinaimbira alamu anga.

"Alamu, pali anthu amene tinawaiwala."

"Ndani? Inetu ndinaimbira mpaka mayi amene ankamuluka tsitsi."

Ndinawafotokozera.

"Bala? Mlongo wanga ameneyu? Ndiye ine, mkulu wa mpingo, ndikalowe m'bala tsiku la Sabata kukalengeza maliro kwa azungu ovala maluwa? Wina akandijambule, chithunzi chifike pa gulu la tchalitchi ine ndisanakwere n'basi yomwe?" Anaseka, kenaka kuseka kuja kunawathera. "Ndili pa shifiti Sande imeneyo, alamu. Koma mukafuna ndisinthana ndi mnzanga."

"Ayi, musavutike. Ndipita ndekha."

"Mukakwanitsa?"

"Sindikudziwa."

Ndikanatha kungoyankha pafoni, koma uthenga wotere sulembedwa pa foni ya mwiniwake. Komanso, kunena zoona, m'chipinda chimene chija ndi mokhamo mmene mkazi wanga anali akadali moyo, munthu amene wangotanganidwa ndi mashifiti. Ndinkaopa kuti ndikatsegula pakamwa mawu akana kutuluka, kapena atuluka ndi kulira kumene ndinali nditakusunga bwinobwino pamaso pa anthu onse aja.

Ndinafika msanga, anthu asanadzaze. A bandi ankayesa zida. Wa gitala ankakangana ndi wa limba za waya wina amene ankachita phokoso. Mayi wa ng'oma ndiye anayamba kundiona, n'kukweza timitengo take m'mwamba.

"Wosunga majasi! Tinkati mwasamukira ku bandi ina. Nanga Sisita ali kuti? Akubwera pambuyo?"

Ndinali ndi jasi limodzi. Ndinaona iye akuliyang'ana.

"Sabwera," ndinatero. "Mkazi wanga anamwalira. M'mwezi wa Meyi. Anadwala masabata atatu."

Basi. Mawuwo anatuluka onse, motsatana, ndipo denga silinagwe. Ndinakhala pa bokosi la sipika limene linali pafupi.

Ndinkayembekeza zimene azungu a ku ofesi ankachita: kupepesa mofulumira, kufunsa ngati ndikuonana ndi alangizi, kenaka kupeza chifukwa chochokera. Koma mayi uja anaika timitengo pansi, anatsika pa siteji, n'kukhala pansi penipeni pambali panga, miyendo atatambasula. Wa gitala anazimitsa chokuzira mawu, nayenso anadzakhala. Abale awiri aja anatsatira. Tinakhala choncho anthu asanu, osayankhula, mwina mphindi khumi. Sindikhulupirira kuti ankadziwa kuti kwathu timapepesa chomwecho. Ndikuganiza kuti anangosowa chonena, ndipo sanathawe.

Wa besi anapita kukatenga tiyi, anathiramo shuga wambiri osandifunsa. Kenaka bambo waimvi uja anatsokomola.

"Tiimbe, kapena tisiye lero?"

"Imbani."

"Tinenepo kanthu pa maiki?"

"Ayi, chonde."

"Chabwino. Tiyambe ndi zapansipansi?"

"Musayerekeze," ndinatero. "Sisita akanakukalipirani."

Mayi wa ng'oma anaseka uku akupukuta mphuno ndi mkono wa malaya ake amaluwa. "Zoona. Tsiku lina anandiuza kuti ndikuimba ngati ndikuopa kudzutsa odwala."

Nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo. Chichitikireni maliro, aka kanali koyamba munthu kundiuza za iye chinthu chatsopano.

Anthu anadzaza, mwina makumi atatu, ambiri achikulire, ena ndi agalu awo. Bandi inayamba ndi nyimbo yothamanga kwambiri. Gitala inatsetsereka kuchokera pamwamba mpaka pansi, ng'oma zinagwa, matambula ananjenjemera pa matebulo. Ndinayamika kuti nyimbozo zilibe mawu. Nyimbo za pamaliro zonse zinali ndi chondiuza, za mpumulo, za kukaonana. Izi sizinkandiuza kalikonse. Phokoso linandidzaza m'chifuwa, ndipo ngati misozi inatuluka, m'chipindamo munali mdima wokwanira ndipo aliyense ankayang'ana kutsogolo. Wa limba analakwitsa poyambira nyimbo yachinayi, mbale wake anamutukwana pa maiki, anthu anaombera m'manja. Ndinapezeka ndikuomba nawo.

Atamaliza kunja kunali kukadawala. Ndinkafuna kuchoka mwakachetechete, koma mayi wa ng'oma anandikodola.

"Iwe, manja ali ndi malo lero. Msana wanga ukuvuta. Nyamula iyi."

Inali ng'oma yaikulu ija yoponda ndi phazi. Ndi yopepuka kuposa mmene imaonekera, koma suona kutsogolo ukainyamula. Ndinadutsa nayo pakhomo chammbali, iye akundikuwira kuti kumanzere, kumanzere, pali sitepe, mpaka tinafika pa vani yawo imene anaimika mokhota kuseri kwa bala.