Chogwirira M'thumba la a Sefa

Kuseri kwa fakitale ya mkaka, kumene alendo safikako, kumagwira ntchito mkulu wina amene anzake amangomutchula kuti a Sefa. Madzi onse otsukira matanki amathera kwa iwo, ali mbuu, akununkha mkaka wosasa. Iwo amawadutsitsa m'mapaipi okhala ndi tinsalu ta mabowo osaoneka ndi maso, togwira mafuta ndi zotsalira zonse. Madziwo asanapite kumtsinje, amawatapa m'manja n'kuwanunkhiza.

"Mkaka ndi chakudya ukakhala m'kapu," amatero. "Ukalowa mumtsinje umapha nsomba."

Pali mpopi umodzi wolambalala zosefera, wotayira madzi oipawo kumtsinje osasefedwa. Chogwirira chake anachigulula kalekale, ndipo amayenda nacho m'thumba la jekete kulikonse.

Tsiku loika maliro a akazi awo, zosefera zinatsekeka ndi mafuta, thanki n'kuyamba kudzaza. Mnzawo wakuntchito anafika pamaliropo, n'kukhala pambali pawo atazolika.

"Pepani achimwene, ndikudziwa si nthawi yake," ananong'ona. "Koma tikapanda kutsegula mpopi uja, makina onse aima. Ndi mvula ikugwayi, palibe angaone."

A Sefa anapisa dzanja m'thumba n'kuchigwira chitsulocho, maso ali pabokosi. Sanachitulutse.

"Aime," anatero motsitsa mawu. "Mayi agona apawa ankachapa kumtsinje komweko, ndipo anzawo akuchapabe. Lero maliro amodzi akwana."