Umm Saliba ndi Mitu Makumi Atatu

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, ntchito ya Umm Saliba inali mitu. Pa sukulu ya atsikana ya Angilikani, pamwamba pa chitunda china mumzinda wa Amman, lamulo linali lakuti mtsikana aliyense aluke tsitsi zingwe ziwiri, kunsonga amange riboni yoyera. Oyendera ankabwera atalukidwa kale ndi amayi awo. Akuluakulu a ku sekondale ankadziluka okha. Otsala anali ogonera aang'ono, makumi atatu, ndipo amenewo anali a Umm Saliba.

Anabwera pasukulupo kuchokera kwawo ku Fuheis amuna awo atamwalira. Anafika ndi mwana mmodzi, Saliba, ndi chipeso cha nyanga. N'chifukwa chake ankatchedwa Umm Saliba, kutanthauza amake Saliba. Mwanayo anakula n'kupita kukagwira ntchito ku Kuwait. Chipeso chinatsala.

M'mawa uliwonse ankakhala pampando pakhomo la hositelo, kambale ka mafuta a azitona pambali, atsikana n'kumabwera mmodzimmodzi kudzakhala pansi pakati pa maondo awo. Nkhope sankazisunga kwenikweni. Mayi wa ana atatu amene anaphunzirapo kale pasukulupo akawapatsa moni mumsika, iwo ankamuyang'ana kanthawi, kenako n'kunena kuti, "Tatembenuka." Akangoona kunkhongo, ankamutchula dzina, mudzi wake, ndi nsabwe zimene anabwera nazo kuchokera ku holide.

Mitu imeneyi sankalola kuti wina aikhudze. Mtsikana akayesa kumuluka mnzake, ankamasula zonse n'kuyambanso.

Chaka china, m'nyengo yozizira, nyamakazi inalowa m'zala zawo. Mutu umene kale unkatha mwachangu unayamba kutenga nthawi ya mitu itatu. Poyamba ogonera ankalowa m'tchalitchi nyimbo ili pa vesi lachiwiri. Kenako ankafika pa Atate Wathu. Lolemba lina anafika pa Ameni, ndipo wansembe, munthu wachifundo, anamubwereza Ameniyo kuti nawonso alaweko.

Masana omwewo mphunzitsi wamkulu anawaitana Umm Saliba ku ofesi. Anali Misi Wadad, watsopano paudindowo, amene anabwera kuchokera ku maphunziro ku Mangalande ndi tsitsi lalifupi ndi wotchi yapamkono yomwe ankaikhulupirira kuposa wansembe.

"Lachisanu kukubwera wometa," anatero Misi Wadad. "Ogonera aang'ono onse, tsitsi lilekeze m'makutu. Manja anu apumule, ana azifika nthawi yabwino."

"Onse?"

"Onse. Lamulo silisankha mutu."

"Nanga Rudaina?"

Misi Wadad anayang'ana pawindo. Nkhani ya Rudaina aliyense ankaidziwa. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, wochokera m'mudzi wina kufupi ndi Karak, ndipo tsitsi lake linkafika m'maondo. Ali khanda anadwala mwakayakaya, ndipo mayi ake analonjeza kwa Mar Jiryis, woyera uja wa pakavalo, kuti mwanayo akachira, sizasi sidzamukhudza mpaka tsiku la ukwati wake. Bambo ake atamubweretsa, anapereka kwa ophika thumba la jamidi, mibulu ya mkaka wouma ija, kenako anaima pageti nanena mawu ochepa: "Ndamubweretsa ndi tsitsi lake. Likadzachoka, nayenso achoka." Kwawoko sukulu ya atsikana inkathera kalasi yachinayi. Kuno Rudaina ndiye ankakhala woyamba pa masamu.

"Ndikasiya mmodzi, mawa ndilandira makalata makumi awiri a malonjezo," anatero Misi Wadad. "Aliyense adzapeza woyera wake."

Umm Saliba anapinda manja. "Wadad, mwana wanga, mutu wakowo ndinauluka zaka zisanu ndi chimodzi. Unkalira ngati akukusenda. Ndinakumeta?"

"Muno ndine Misi Wadad."

"Chabwino, a Misi Wadad. Mundipatse masiku atatu. Lachinayi belu likamasiya kulira, onse adzakhala ali m'tchalitchi, olukidwa. Zikakanika, wometa wanuyo ndidzamuphikira khofi ndekha."

Misi Wadad anayang'ana wotchi, ngati kuti Lachinayi lalembedwamo. "Likamasiya kulira. Osati litasiya."

Lachiwiri Umm Saliba anadzutsa atsikana folo koloko. Anafika nthawi yabwino ndithu, koma theka la iwo linagona m'kalasi ya mbiri yakale, ndipo wina anagonera m'mbale ya supu ya mphodza. Misi Wadad anati zimenezo ayi. Madzulo ake Umm Saliba anawaluka asanakagone. Lachitatu m'mawa mitu inadzuka ngati zisa za mpheta. Misi Wadad anangoyenda kumbuyo kwa mzere, akupukusa mutu.

Masana a Lachitatulo Umm Saliba anakhala pakhonde, manja atawafunditsa m'shawelo. Rudaina anabwera nakhala pansi pambali pawo.

"Azakhali, ndawerengetsa."

"Wawerengetsa chiyani?"

"Manja anu ndi awiri. Athu ndi makumi asanu ndi limodzi."

"Amenewo si manja. Ndi mafoloko."

"Mafoloko makumi asanu ndi limodzi, azakhali."

Umm Saliba anatulutsa dzanja limodzi m'shawelo, anayesa kulifumbata, zala zinakana.

"Kawaitane," anatero.

Anawaimika pamzere pabwalo la hositelo, aliyense aluke amene ali patsogolo pake. Pomwepo vuto linaoneka. Wotsogolera analibe mutu woti aluke, ndipo wakumapeto analibe womuluka iye.

"Ine ndikhale kutsogolo!" anakuwa Georgette, mwana wa wogulitsa nsalu wa ku Irbid, amene ntchito iliyonse inkamupweteketsa mutu.

Rudaina anagwira wotsogolera paphewa nayamba kuyenda naye mokhota, mzere wonse ukutsatira, mpaka mutu unakumana ndi mchira.

"Tinaphunzira ndi kampasi pa masamu," anatero. "Chozungulira chilibe poyambira."

Kuphunzira kwake sikunali kwamtendere. Umm Saliba anaima pakati n'kumalamula. "Gawani patatu! Lakumanja pamwamba! Iwe Suhair, ukuluka tsitsi kapena ukukanda buledi?" Wina anakoka mwangozi, wokokedwayo anakoka wapatsogolo pake, ndipo "Mayo!" anayenda kuzungulira bwalo lonse mpaka anamupeza amene anamuyambitsa. Zitachitika kawiri, kukokana kunachepa kokha. Nabila ndi Suhair sankalankhulana chiyambire nkhani ya nkhuyu zouma zimene zinasowa pansi pa pilo. Umm Saliba anawalekanitsa ndi atsikana asanu ndi awiri. Ankadziwa amene amadana, amene amanyerenyetseka, ndi amene sangakhale osacheuka, ndipo aliyense anamupezera malo ake.

Georgette yekha ndiye ankachedwa mwadala. Iye wometayo ankamufuna. Anali ataona woimba wina pa kanema wa kwa amalume ake, tsitsi lolekeza m'makutu, ndipo ankagona akulota zimenezo. Ankaluka katatu n'kumasula kanayi.

"Georgette, tabwera kuno," anatero Umm Saliba. Anamukweza tsitsi lonse m'mwamba ndi dzanja limodzi, ndipo ndi linalo anamupatsa kagalasi. "Ukuona chiyani?"

Georgette anayang'ana. Makutu ake anaima pambali ngati zogwirira za mphika.

"Zaka zinayi ndakhala ndikukubisira amenewa. Palibe amene ndinamuuza. Lachisanu awaona ndi abishopu omwe."

"Azakhali, mutsitse! Akuona!"

Kuyambira pamenepo panalibe zala zachangu ngati za Georgette.

Lachinayi kunacha ndi mphepo. Atsikana anadya buledi wowaza zonunkhira za zaatari mothamanga, anapukuta m'manja, naima pabwalo mozungulira, aliyense maliboni awiri pakamwa. Mitu makumi awiri ndi isanu ndi inayi inatha wogwira belu asanafike n'komwe pa chingwe chake.

Wa Rudaina anautenga Umm Saliba eni ake. Anati tsitsi la lonjezo si lophunzirirapo. Chingwe choyamba anachiluka pang'onopang'ono, chosalala, mpaka kumaondo. Chachiwiri anafika nacho paphewa, ndipo pamenepo zala zinauma. Anaziuzira mpweya. Anazimenyetsa pantchafu. Sizinamve.

Belu linayamba kulira.

Rudaina sanacheuke. Umm Saliba anayang'ana tsitsilo, anayang'ana manja awo, kenako anakweza maso.

"Georgette! Suhair! Nabila! Gwirani. Aliyense chigawo chimodzi."

"Ine ndi ameneyu?" anatero Nabila, akuloza Suhair.

"Mukakangana ku tchalitchi. Rudaina, yenda!"

Anayenda choncho kudutsa bwalo la mpira, Rudaina patsogolo, khosi lili njo ngati wasenza mtsuko, atatuwo kumbuyo atagwira chigawo chimodzichimodzi. Poti tsitsilo linali lalitali, sankaluka ndi zala, ankangodutsana, wina kuwerama pansi pa mkono wa mnzake. Enawo ankayenda m'mbali akuwerengera. "Georgette! Nabila! Suhair! Georgette!" Oyendera, amene anali atakhala kale m'tchalitchi, anakwera pamabenchi kuti aone pawindo. Umm Saliba ankabwera pambuyo, akupuma movutikira, riboni ili m'mano.

Pakhomo la tchalitchi panaima Misi Wadad, dzanja la wotchi lili m'mwamba. Atsikana analowa awiriawiri. Pamasitepe Suhair anatsomphola riboni ija m'kamwa mwa Umm Saliba, Nabila anaika chala pamfundo, ndipo Rudaina anaponda mkati belu likulira komaliza.

"Ima pomwepo," anatero Misi Wadad.

Anamuzungulira. Ananyamula chingwe choyamba, chowongoka bwino. Ananyamula chachiwiri, chonenepa apa, chowonda apo, chokhota ngati msewu wotsikira ku Yeriko.

"Ichi waluka ndani?"

"Komiti, Misi," anatero Georgette.

Kuseka kunayambira kumbuyo kwa tchalitchi. Misi Wadad anatseka pakamwa ndi dzanja ngati akutsokomola.

"N'chonyansa," anatero. "Koma chafika nthawi yake. Kakhale pansi, Rudaina. Mawa wometa sabwera. Ndipo Umm Saliba, Loweruka ndikufuna zingwe zonse ziwiri zioneke kuti ndi za mutu umodzi."

Rudaina anakakhala pabenchi yake. Nyimbo yoyamba sanaimbe nawo, ankangopukuta m'maso ndi nsonga ya riboni. Ikutha yachiwiri anali atatsegula kale buku la masamu pansi pa buku la nyimbo.

Umm Saliba sanalowe. Anatsikira kukhitchini, napempha beseni la madzi ofunda, naviikamo manja. Wophika anawathirira tiyi nawaikira pakamwa kuti amwe.

"Ndiye ntchito yanu yatha, Umm Saliba? Ana adziwa okha."

"Adziwa chiyani? Mwaona mutu wa Nabila? Mzere wapakati wayambira pakhutu." Anamwanso tiyi. "Mundipezere mpando wozungulira uja wa ku piyano. Kuyambira mawa ndizikhala pakati."