Chikhatho Chimene Sindinadinde

Chitaganya chisanabwere, ndinauza mkazi wanga NyaMhango kuti ndikupita ku Halale. Malipiro a ku esiteti kuno ku Mzuzu ankatha asanafike pakhomo, msonkho nawo uli pambuyo panga, ndipo msonkho suona kuti munthu ndi wokongola ngati ine. Sukulu ndinalekera Sitandade 2, aphunzitsi ndi ine titagwirizana kuti tisamapsetsane mtima. Nanga munthu wotere akanakhala kalaliki?

Tinali ndi mwana mmodzi, Towera, wa zaka zisanu. Ine ndi iyeyo tinali ndi ntchito yathu ya Lamulungu masana. Tikaweruka kutchalitchi tinkatsikira kudambo, kumunsi kwa nyumba yathu ku Msongwe, kukakumba dongo. Tinkatapanso katondo, kusinja makala, kusungunula phulusa m'phale. Khoma la kuseri kwa nyumba linali lathu. Tinajambulapo nkhuku ya miyendo itatu, lole ya ku esiteti, ndi kapitawo wanga atamera makutu a nkhumba. Matope ankafika m'tsitsi, m'makutu, ena Towera ankalawa kuti amve ngati apsa.

"Bambo a Towera, ndevu zonsezo mukusewera matope?" ankakalipa mayi ake. "Sopo amamera kudambo komweko?"

"Asiyeni amama," ankatero Towera. "Adada ndi mwana wamkulu chomene."

Tsiku lonyamuka ndinavala malaya oyera, okhawo amene ndinali nawo, ositidwa bwino. Towera anandikokera kuseri. Anali atakandira katondo yekha, n'kudinda chikhatho chake pakhoma. Anali atakakamizanso mayi ake kudinda chawo. Pakati anasiya mpata.

"Adada, dindani apa."

Lole inali ikuliza belu kumsewu. Ndinayang'ana matope, ndinayang'ana malaya.

"Ndidzadinda pobwera, mama. Undisungire malowo. Mvula ziwiri zokha."

"Yewo," anatero, ngati walandira kale.

Ku Halale ndinapeza ntchito yopaka penti nyumba za azungu. Sekani, inenso ndinaseka. Penti woyera pakhoma loyera, chaka ndi chaka, ndipo kadontho kakagwera pansi dona ankakuwa ngati ndamuphera galu. Panyumba ina, dona ankakhala pakhonde ndi ana ake madzulo aliwonse, atawaveka malaya akutha a bambo awo, akupaka utoto pamapepala ndi zala. Ine pamakwerero ndinkaiwala bulashi m'manja. Mwezi womwewo ndinagula kabokosi kachitsulo ka utoto wa ana, n'kukabisa pansi pa sutikesi.

Lamulungu ndilo linkandipha. M'chipinda tinkagona amuna asanu ndi mmodzi, koma masana aliyense ankasowa kwake, ine n'kutsala ndi manja oyera opanda chochita. Manja otero amapeza chikho. Anapezanso mayi wina wogulitsa chikhocho, sindikunamizani. Ndalama zimene poyamba ndinkatumiza kwathu zinaphunzira njira yaifupi.

Makalata ankabwera, olembedwa ndi mlaliki wa kwathu m'malo mwa NyaMhango. Ankanena za denga lodontha ndi mbuzi yakufa, kumapeto n'kuti: "Towera akuti malo anu alipo. Wandiletsa kuzira khoma la kuseri." Pansi pake pamakhala kachala kofiira ka katondo. Chaka chachisanu kalata inabwera yopanda kachala. Ndinati mwina dothi linali louma. Munthu akafuna kudzinamiza safuna sukulu.

Mvula ziwiri zija zinabereka khumi ndi zitatu. Chitaganya chikutha, ntchito kwa ife a ku Nyasalande zinayamba kuvuta, ndipo ndinabwerera ndi sutikesi, chifuwa, ndi kabokosi kaja. Mzuzu ndinaupeza utamera maofesi ndi masitolo, koma nkhungu yake inali yomwe ija. NyaMhango anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwaonda," anatero. "Malaya okha ndiwo akadali oyera."

Mtsikana wamtali anatuluka m'nyumba, mwana kumsana. Anagwada patali, pamene amagwadira alendo.

"Monire, adada."

Ndinamupatsa kabokosi kaja ndi manja awiri. Anakatsegula. Utoto unali utauma n'kung'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe. Anathokoza mwaulemu, n'kukaika pa shelefu pamwamba.

Ndinazembera kuseri. Khoma linali losalala, lozira bwino, lopanda nkhuku, lopanda kapitawo. Nditatembenuka, Towera anali pambuyo panga.

"Mayi ako ndi ouma mtima," ndinayesa nthabwala.

"Si amama. Ndinazira ndine. Mvula zinayi ndinkatchingapo ndi mphasa yakutha. Anzanga ankati mwana wa mtchona akulondera khoma. Tsiku lina ndinangotenga mtsiro."

Sanalire, sanakweze mawu. Kukanakhala bwino akananditukwana.

Lamulungu lotsatira ndinatsikira kudambo ndi chifuwa changa. Ndinakanda katondo m'phale, n'kukhala pansi kuseri, malaya oyera ali pathupi, kuti aliyense aone kuti sindikuwaopanso. Mdzukulu wanga Masozi, wa zaka ziwiri, anabwera akudzandira. Anayang'ana phale, anayang'ana ine, n'kutambasula kadzanja. Ndinamusendezera phalelo.

Towera anamunyamula kadzanja kasanakhudze matope.

"Musamuzoloweze, adada," anatero. "Mwana akazolowera, amadikira."

Anapita naye kutsogolo. Ndinatsala ndi phale langa. Ndinaviika dzanja lonse, n'kudinda pamene ndinkaganiza kuti ndi pakati paja, ngakhale kuti panalibenso china choti chikhale pakati pake. Malaya anada mpaka m'chigongono, ndipo panalibe wondikalipira.

Chikhathocho palibe anachizira. Palibenso anadinda pambali pake. Mvula ya ku Mzuzu, imene sifunsa mwezi, inachichotsa Lamulungu lina lisanafike.