Mpata wa Alamu a Mulipa

Ndinachoka ku Nkando chifukwa cha gitala. Anthu akandifunsa ndimati ndinapita kukasaka ndalama ngati wina aliyense, koma zoona zake ndi zimenezo. Ndinali nditatopa ndi banjo ya chitini cha mafuta, ya nsambo za waya wa buleki ya njinga, imene inkaduka nyimbo ikangofika pokoma. Malipiro a kuthyola tiyi ku esiteti ankathera mchere ndi sopo. Dziko linali litangolandira kumene ufulu, ndipo ndinauza mkazi wanga Esinati kuti ndikupita ku Halale chaka chimodzi chokha, ndikagule gitala yeniyeni ndibwere. Iye anangoti otchona onse amayamba ndi mawu omwewo.

Bandi yathu inali ya anthu atatu. Achimwene anga a Jonasi ankakhalira babatoni, chibokosi chachikulu cha nsambo imodzi chija. Ine ndinali pa banjo. Woyimba anali alamu athu a Mulipa, amuna a mlongo wathu. Tikakhala pansi pa mtengo wa mango pamsika tsiku la malipiro, palibe ankadziwa kuti nyimbo itha liti, ngakhale ife eniake. Ine ndinkayamba, achimwene n'kulowa pansi pake, ndipo tikazungulira kangapo ndinkatsitsa banjo n'kusiya mpata. Mpata umenewo unali wa a Mulipa. Ankaponya maso m'gulu n'kupeka mawu pomwepo: za kapitawo amene wabwereka jekete yosamukwana, za mayi wa matemba amene chala chake sichichoka m'mbale yoyezera. Anthu nawo ankaponya zawo. Wina ankafuula kuti muyimbeni uyu wathawa chikamwini, a Mulipa n'kuwakha, n'kuluka vesi yathunthu. Wotchulidwayo ndiye ankavina kuposa onse, ndipo amene sanatchulidwe ankapita kwawo akudandaula.

Ku Halale ndinayamba ndi kuthirira maluwa kwa mzungu wina, kenako anandilowetsa kukhitchini. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa nyumba, moyandikana ndi agalu. Gitala ndinagula chaka chachiwiri, koma gitala inafuna chokuzira mawu, chokuzira mawu chinafuna ndalama zina, ndipo kunyumba nako kunkafunika mabulangete ndi fizi. Chaka chimodzi chija chinangotalika chokha.

Lamlungu masana ndinkayimba mu bawa ya ku lokeshoni ndi anyamata a kumeneko. Ife ochokera kwathu kuno ankatitcha Mabulandaya motinyoza, koma gitala yanga sankayinyoza. Nawonso ankadziwa kukoka nyimbo imodzi mpaka ovina kutuluka thukuta m'nsapato. Komabe chinkandiwawa chinthu chimodzi. Wa besi ankadikira amve kumene ndalowera ndiye anditsate, pamene achimwene ndinkawapeza atafika kale. Ndikasiya mpata, wa lipenga ankaudzaza, anthu n'kuwomba m'manja, koma palibe ankaseka. Ndikabwerera kukachipinda kaja ndinkayimba ndekha chapansipansi, n'kumasiya mpata wa munthu amene ali ku Mulanje. Ndinkasungulumwa, sindibisa.

Makalata a Esinati ankanena za denga, za ana, za nandolo amene wadyedwa ndi mbozi. Achimwene ankangowonjezera pansi kuti bandi ilipo, ikundidikira. Nthawi ina analemba kuti a Mulipa apita kukagwira ntchito kutali. Ndinapsa mtima, ndinkaganiza kuti alamu alowera ku Joni osandidzera n'komwe. Patapita nthawi yaitali analembanso kuti abwerako ndipo akupereka moni. Zinathera pomwepo.

Nkhondo itayamba kuyandikira m'tauni, mzungu wanga analongedza, inenso ndinalongedza. Zinali zitapitirira zaka khumi. Pachipata cholowera dziko langa lomwe anandimeta tsitsi ati ndi lalitali, buluku langa ati lakula kumapazi, ndipo basi sindinakwere mpaka nditagula khadi la chipani. Ndinangoti zazing'ono izi, bola gitala yadutsa.

Kumudzi ndinapeza achimwene atachita imvi. A Mulipa anali ataonda, mano akutsogolo mulibe. Nditawaseka monga timachitira pachilamu, kuti kodi kutaliko ankakulipirani pokuchotsani mano, anangomwetulira n'kunena kuti anagwa pa njinga. Ine mtima wonse unali pa chinthu chimodzi: tikhalenso atatu pansi pa mango paja, ndisiye mpata, alamu alowe. Zaka zonse zija ndinkapirira agalu a mzungu chifukwa cha tsiku limenelo.

Achimwene anati tiyambe tapita kwa atcheyamani a nthambi ya chipani kukapempha chilolezo. Chilolezo choyimbira pamsika pathu pomwe! Ndinapita ndikung'ung'udza. Atcheyamani anali munthu amene tinkathyola naye tiyi mzere umodzi kale, koma anatilandira ngati sationapo. Anafunsa nyimbo zimene tidzayimbe, kenako anati tiwauze mawu ake onse, imodzi imodzi.

"Mawu ake sitinawadziwe," ndinatero. "Tidzawadziwa tikuyimba."

Achimwene anandiponda phazi. Anafotokoza mwaulemu kuti mng'ono wawo wakhalitsa kunja, Chichewa chamusokonekera, kenako anayamba kulakatula mawu a nyimbo iliyonse ngati mwana wa sukulu ya Sande. Tikutuluka ndinawafunsa kuti kuyambira liti nyimbo zathu zili ndi mawu oloweza. Anati ndidzangoyimba gitala, zina ndiwasiyire.

Loweruka masana anthu anadzaza. Ena anachokera ku Milonde atamva kuti kwabwera gitala yolira ndi batire ya galimoto. Atcheyamani anawaikira mpando kutsogolo, achinyamata a chipani ataima kumbuyo kwawo. Tinayamba ndi nyimbo zotamanda boma, monga achimwene anakonzera, iliyonse yaifupi, yothera pamene anagwirizana. Anthu ankavina, koma mavinidwe a munthu amene wasenza ndowa yodzaza.

Kenako tinalowa nyimbo yathu yakale. Eee, babatoni ya achimwene inali yomweyo! Ndikati ndikhote, ndinkawapeza atakhota kale. Ndinakwera, ndinatsika, ndinalowetsamo zina za ku Halale, iwo osasochera ngakhale pang'ono. Misozi inalengeza. Nditaona kuti yapsa, ndinatsitsa gitala n'kusiya mpata.

A Mulipa anangopitiriza kugwedeza maseche, maso ali pansi.

Ndinazungulira, ndinasiyanso mpata. Anabwereza kolasi yomwe ija yoloweza. Ndinawayandikira, ndinawagunda ndi chigongono, ndinawalozera ndi mlomo bambo wina amene anaima m'mbali ndi mbuzi yomangirira pa kaliyala ya njinga, mbuziyo ikumudya kolala ya shati iye osadziwa. Kalelo a Mulipa akanayimba za mbuzi imeneyo mpaka dzuwa kupendeka. Anaiona, ndinaona kuti aiona, koma anatembenuza nkhope. M'gulu monse munalibe woponya liwu ngakhale mmodzi.

Magazi anandikwera kumutu. Ndinayandikira chokuzira mawu n'kuyimba ndekha, ine wosadziwa kupeka, kuti abambo a njinga samalani, pasenjala wanu wayamba nkhomaliro. Panaseka ana okha. Bambo uja nkhope inagwa, anayang'ana kwa atcheyamani, n'kukankha njinga yake kuchoka msangamsanga. Oyandikana naye anayamba kusuntha. Achimwene anaika chikhatho pa nsambo, babatoni n'kuti zii. Asanapume n'komwe anayambitsanso nyimbo yoyamba ija yotamanda, a Mulipa n'kuilandira mokweza kwambiri. Tinatseka dzuwa likadali pamwamba.

Pobwerera tinadzera njira ya m'minda ya nandolo, achimwene atasenza babatoni, a Mulipa batire. Ndinawakalipira njira yonse. Ndinati mwasanduka wailesi, ndinati ndawononga zaka zanga kugulira gitala anthu akufa, ndinati mbuzi yalakwira chiyani boma. Achimwene anandisiya ndithe. Kenako anatula babatoni n'kundiuza, motsitsa mawu, kumene kunali kutali kuja.

Tsiku lina ine ndili ku Halale, pamsika pomwe paja, achinyamata a chipani anabweza mayi wina pachipata chifukwa analibe khadi, tomato wake n'kuphwanyika. Wina m'gulu anaponya mawu, a Mulipa anawakha monga mwa nthawi zonse. Anayimba kuti posachedwa nkhuku nayo izionetsa khadi isanaikire dzira. Msika wonse unagwa ndi phwete. M'mawa mwake kunabwera galimoto ya boma kudzawatenga. Mlongo wathu anakolola kawiri yekha asakudziwa ngati ali wamasiye kapena ayi, ndipo mpaka lero palibe akudziwa amene anakanena, kaya ndi woponya mawu yemweyo. Bambo wa mbuzi uja, achimwene anati, wathawa chifukwa aliyense wotchulidwa m'nyimbo amakafunsidwa kuti nyimboyo imatanthauza chiyani. Mawa lake achimwene anayenera kupita ndi nkhuku kwa atcheyamani kukapepesa vesi yanga.

Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze. Anati makalata amatsegulidwa, ndipo nditafika ankaopa pakamwa panga.

"Iwe zikavuta ukudziwa njira ya ku Halale," anatero. "Ife njira yathu ndi ino."

Anasenzanso babatoni n'kutsogola. Ndinatsala ndi a Mulipa. Mkwiyo sunathe, unangosowa woulandira. Ndinawafunsa ngati luso lija linatherako kumene anawatengerako.

"Alamu, mawu amabwera," anatero. "Mpata uliwonse munasiya lero, anabwera. Amafika pakhosi pano, ndimameza."

Tinayenda pang'ono. Kenako anandiyandikira, batire ili pamutu, n'kundiyimbira chonong'ona vesi ya mbuzi imene anaimeza pamsika. Inali ndi mbuzi, inali ndi kolala, ndipo kumapeto kwake mbuziyo inkafunsa ngati shati ya atcheyamani nayo imadyeka. Inali yabwino kuposa zonse zimene ndinkazikumbukira ku Halale. Kuseka kunandiphulika ndisanakonzeke.

Kusekako ndinakudula pakati. Ndinapezeka nditagwira pakamwa, ndikusuzumira m'nandolo uku ndi uku kuti ndione ngati muli munthu. Nditatembenuka, a Mulipa anali akundiyang'ana.

"Mwafika tsopano, alamu," anatero. "Takulandirani."